Kakompyuta kopepuka kuposa paketi ya shuga: bwanji RAM yake sichoka?

Tengani rula ndi pensulo, mujambule sikweya kuseri kwa kope lanu: masentimita 12.7 mbali iyi, 12.7 mbali inayo. Tsopano yerekezani kuti sikweyayo yatukuka masentimita 5 n'kukhala kabokosi. Kumeneko ndiye kukula kwa Mac mini imene kampani ya Apple ya ku America inayamba kugulitsa mu Novembala 2024. Mukachulukitsa manambala atatuwo mupeza 806 cm³, ndiye kuti m'kabokosika simungalowe madzi okwana lita imodzi. Kulemera kwake ndi magalamu 670. Paketi ya shuga ya kilo imodzi ikukaposa.

Koma musakaderere. Anthu amakonzerapo mafilimu, ena amajambulirapo nyimbo, ena amalemberapo mapulogalamu. Chip imene ili m'kati mwake, yotchedwa M4, ili ndi matransista 28 biliyoni.

Pali chinthu chimodzi chimene chimawawa anthu ambiri ogula kakompyutaka. Mukagula ka RAM ya 16 GB, kadzakhala ka 16 GB mpaka tsiku limene kadzafe. Mulibe soketi yowonjezerapo ina. Pomwe kompyuta yakale ya desiki, ija yolira ngati chigayo, mmisiri amangoitsegula m'mbali, kusomekamo RAM ina, mphindi zisanu zokha basi. Ndiye kodi pamenepa ndi dyera la kampani, kapena pali chifukwa chenicheni cha sayansi? Ine ndikuona kuti zonse ziwiri zilipo, kungoti chilichonse chili pa chiwalo chakechake. Kuti tione bwino, tiyeni tikatsegule.

Tikatembenuze chadodolido

Choyamba kudabwitsa ndi batani loyatsira. Lili pansi. Eya, pansi penipeni, moti kuti muyatse muyenera kukanyamula pang'ono. Anthu anaseka nazo kwambiri zimenezi, koma ife zisatichedwetse.

Chivundikiro cha pansicho ndi cha pulasitiki, chogwidwa ndi timano tokolana. Akatswiri a iFixit, kampani ya ku California imene imaphwasula zipangizo zatsopano pofuna kuphunzitsa anthu kukonza, anachikanula mosamala kuopa kudula kawaya ka batani lija. Kuseri kwake kuli chimbale chachitsulo ndi kabatire kozungulira ngati ndalama, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima. Mukachotsa chimbalecho mumakumana ndi fani.

Fani ndi zitsulo zoziziritsira zatenga malo ambiri ndithu, ndipo chifukwa chake munachiphunzira kale mu fizikisi: mphamvu sitayika, imangosintha maonekedwe. Pafupifupi magetsi onse amene kompyuta imadya amathera ku kutentha. Malinga ndi Apple, Mac mini ya M4 ikangokhala osagwira ntchito imadya mawati 4 okha, ikapanikizika imafika 65, ndipo mkulu wake wa M4 Pro amafika 140. Amene munagwirako babu lakale la mawati 60 litayaka kwa kanthawi mukudziwa mmene limawotchera. Tsono gawo lalikulu la kutentha kotereku likuchokera pa kachidutswa ka silikoni kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu.

Timakompyuta tambiri totere timachotsa kutenthako ndi kapaipi ka kopa kotsekedwa mbali zonse. M'kati muli timadzi tochepa, ndipo mpweya anaupopamo. Pajatu mpweya ukachepa madzi amawira msanga. Pamwamba pa Sapitwa, mamita 3,002, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 m'malo mwa 100, ndipo m'kapaipi kopanda mpweya amawira akadali ofunda chabe. Timadzito timawira pamwamba pa chip, nthunzi imathamangira kumapeto kozizira kumene fani ikuuzira timapepala tazitsulo, imasandukanso madzi, ndipo madziwo amabwerera podzera m'timabowo ta khoma la kapaipi, ngati mmene palafini amakwerera chingwe cha koloboyi. Mulibe pampu, mulibe mota. Fumbi likatseka timapepala tazitsulo tija, chip imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Kompyuta ina imene anthu amati yakalamba imakhala yangodzaza fumbi.

Mukachotsa fani mumaona kakhadi kakang'ono kogwidwa ndi sikuluwu imodzi. Imeneyo ndi SSD, tibwererako. Kenako pali bolodi lalikulu, limene pa Chingerezi amati motherboard, ndipo pamenepo ndi pamene pali M4. Chomaliza, chakumwamba kwa kabokosi, ndi chipangizo chosintha magetsi a pakhoma kukhala magetsi ofooka oyenera machip. Ichi chokha musamasewere nacho pa kompyuta iliyonse. Makapasita ake amatha kusunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.

Chigayo, ndowa ndi nkhokwe

Tisanapitirire, tikumbutsane ntchito ya ziwalo zitatu. Pulosesa ndi chigayo: ndiyo imagwira ntchito yeniyeni. SSD ndi nkhokwe: mumalowa zambiri ndipo zimakhalitsa, koma ili patali. RAM ndi ndowa za chimanga zimene zafola pafupi ndi chigayo, zokonzeka kuthiridwa. Mukatsegula pulogalamu, kompyuta imaitapa m'nkhokwe n'kuiika m'ndowa. Magetsi akazima, za mu RAM zimafufutika zonse, za mu SSD zimatsala. N'chifukwa chake ntchito imene simunaisunge imapita ndi magetsi.

RAM ikadzaza, kompyuta imayamba kubweza zinthu zina ku SSD n'kumakazitenganso zikafunika. Apa ndiye pamene mawusi amayamba kuuma, zenera kutseguka ngati likudwala. Ndipo mapulogalamu amanenepa chaka ndi chaka. RAM imene inali yambiri zaka khumi zapitazo lero ingokwana kutsegulira masamba angapo a intaneti. Ndiye funso loti RAM ingawonjezedwe kapena ayi ndi funso loti kompyutayo idzakhala ya ntchito zaka zingati.

Si timakompyuta tonse timene tili ngati Mac mini. Kampani ya Intel inapanga timabokosi totchedwa NUC kwa zaka pafupifupi khumi, mpaka mu 2023 pamene inasiyira ntchitoyi kampani ya ASUS ya ku Taiwan. Zambiri mwa NUC amagulitsa zopanda RAM, zopanda SSD, kuti wogula asankhe yekha. Mukatsegula pansi mumaona masoketi awiri a timakhadi ta RAM totchedwa SO-DIMM, totalika masentimita pafupifupi 7. Kakhadi mumakalowetsa mopendeka, n'kukakanikiza mpaka timawaya ta m'mbali titalira kuti thethe. NUC 14 Pro ya 2024 imalandira RAM mpaka 96 GB mwa njira imeneyi.

Ndipotu Mac mini nayo inali choncho. Ya 2012 munkangopotokola chivundikiro cha pansi ndi zala, masoketi awiri n'kuonekera. Ya 2014 anawotcherera RAM pa bolodi. Ya 2018 masoketi anabwerera. Kuyambira 2020, pamene Apple inayamba kuika machip akeake, RAM inasamukira pambali penipeni pa pulosesa, pa kabolodi kamodzi, yowotchereredwa. Pa M4 mtunda wochoka pa pulosesa kufika pa RAM ndi mamilimita owerengeka.

Rula yanu ndi nanosekondi imodzi

Apa ndiye pali nkhani yeniyeni, ndipo rula ija itithandizanso.

Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Gawani sekondi m'zigawo biliyoni imodzi. Chigawo chimodzi chimatchedwa nanosekondi, ndipo pa nthawi imeneyo kuwala kumayenda masentimita 30, kutalika kwa rula yanu. Grace Hopper, katswiri wa masamu ndi makompyuta amene ankagwira ntchito ku gulu la asilikali apamadzi a ku America, ankakonda kugawira anthu timawaya totalika chonchi pofuna kuwaonetsa nanosekondi ndi maso. Pa bolodi la kompyuta uthenga wa magetsi umayenda pafupifupi theka la liwiro limeneli, masentimita 15 pa nanosekondi.

Pakati pa pulosesa ndi RAM pali tinjira ta kopa tosindikizidwa pa bolodi. Kanjira kalikonse kamanyamula biti imodzi pa nthawi, 0 kapena 1. RAM yothamanga ya masiku ano imatumiza mabiti 8,000 miliyoni pa sekondi pa kanjira kamodzi. Ndiye kuti biti iliyonse imakhala ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a nanosekondi. Gawani 15 ndi 8. Mupeza kuti biti imodzi imayenda masentimita osakwana 2, inzake yanyamuka kale m'mbuyo mwake. Pa kanjira ka masentimita 6 pamakhala mabiti atatu ondondozana nthawi imodzi.

Mwaonatu? Pa liwiro lotere kanjira ka kopa sikakhalanso ngati waya wa belu amene munalumikiza mu labu. Uthenga umayenda ngati funde, ndipo funde likakumana ndi posintha limabwerera. Mukafuula pafupi ndi phiri mawu amabwerera. Mukayankhula mofulumira kwambiri, mawu obwererawo amasakanikirana ndi amene mukunena kumene. Soketi ndi posintha potere. Uthenga umachoka pa kanjira ka bolodi, kukwera kachitsulo ka soketi, kudumphira pa kadzino ka kakhadi, kenako kulowa kanjira kena. Paliponse pamenepa kagawo ka funde kamabwerera n'kusokoneza biti yotsatira.

Vuto lachiwiri a Fomu 4 mulizindikira. Magetsi akamasinthasintha mu waya amapanga mphamvu ya maginito yosinthasintha, ndipo mphamvuyo imadzutsa magetsi mu waya woyandikana nawo. Mu thiransifoma timazifuna zimenezi. Pa bolodi ndi tsoka, chifukwa tinjira mazanamazana tagona mothithikana, ndipo tikatalika timayamba kumverana zokamba.

Chachitatu, tinjira toyendera limodzi tiyenera kufanana kutalika, apo ayi biti ina ifika mochedwa. Mukadzapeza bolodi lakufa kwa okonza makompyuta, mudzayang'anitsitse pafupi ndi masoketi a RAM. Mudzaona tinjira tina tokhotakhota ngati njoka. Anatikhotetsa dala kuti titalike mofanana ndi tinzake.

Pomaliza pali kukula kwa mawu. Batire la tochi lili ndi mphamvu ya 1.5 V. RAM ya pa timakhadi, ya mtundu wa DDR5, imayankhula ndi 1.1 V. RAM yowotcherera ya mtundu wa LPDDR5X imatumiza uthenga ndi 0.5 V yokha, n'chifukwa chake imadya magetsi ochepa ndipo sitentha kwambiri. Koma kumeneko ndi kunong'ona. Munthu wonong'ona mofulumira uyenera kumuyandikira, apo ayi sumva kanthu.

Tiwerengere

Kuchuluka kwa zinthu zimene RAM ingapereke pa sekondi kumadalira zinthu ziwiri: tinjira tilipo tingati, ndipo kalikonse kakuthamanga bwanji. Masamu ake ndi a Fomu 1.

Tengani NUC ya timakhadi tiwiri ta DDR5-5600. Kakhadi kalikonse kali ndi tinjira 64, tonse pamodzi 128. Mabiti 8 amapanga bayiti imodzi, ndiye 128 kugawa ndi 8 ndi mabayiti 16 ulendo umodzi. Maulendo alipo 5,600 miliyoni pa sekondi. Kuchulukitsa, tipeza 89.6 GB pa sekondi. Mukaikamo kakhadi kamodzi kokha, nambalayi imagwa ndi theka kufika 44.8. Musaiwale mfundo imeneyi: timakhadi tiwiri ta 8 GB timathamanga kuposa kamodzi ka 16 GB.

M4 ili ndi tinjira 128 tomweto koma tothamanga pa 7,500 miliyoni, ndipo yankho ndi 120 GB pa sekondi. Kunena zoona kusiyana kwake ndi 89.6 si kodabwitsa kwenikweni. Koma M4 Pro ili ndi tinjira 256 pa liwiro la 8,533 miliyoni, zimene zikupereka 273 GB pa sekondi. Kumeneko ndi kuwirikiza katatu.

Nanga liwiro lonseli n'lachiyani? Kulemba kalata sikulifuna. Amene amalifuna ndi GPU, gawo la chip limene limajambula zithunzi za pa sikirini, la magemu ndi la mavidiyo. Mu kompyuta yaikulu GPU imakhala pa khadi lakelake, lokhala ndi RAM yakeyake. Ndipo taonani, RAM ya pa makhadi amenewo nayonso ndi yowotcherera, pa zifukwa zomwe tanenazi, kungoti palibe amene amadandaula chifukwa khadi lonse limazuka. M'kabokosi kosakwana lita khadi lotere silingalowe. Pulosesa ndi GPU zili pa chip imodzi, zikudyera mbale imodzi, ndiye mbaleyo iyenera kudzazidwa mofulumira. Chigayo champhamvu chothiridwa chimanga ndi sipuni chimangolira pachabe.

Kampani imene inayesa n'kulephera

Mwina mukuti, "Aaa, amenewo ndi mabodza a Apple ofuna kutidyera." Ndiye tamverani za Framework.

Framework ndi kampani ya ku San Francisco imene inakhazikitsidwa ndi Nirav Patel, ndipo mbiri yake yonse yagona pa malaputopu oti mwini wake azitha kumasula ndi kusintha chiwalo chilichonse ndi sikuludiraiva imodzi. Mu Febuluwale 2025 inalengeza kompyuta yake yoyamba ya pa desiki, kabokosi ka malita 4.5 kokhala ndi chip ya AMD yotchedwa Ryzen AI Max. Pafupifupi chilichonse m'menemo n'chosinthika. Bolodi ndi la muyezo wodziwika wa Mini-ITX, moti lingalowe m'bokosi la kampani ina. Fani ndi wamba ya mamilimita 120. Masoketi a SSD alipo awiri. Koma RAM ndi yowotcherera.

Otsatira kampaniyi anakhumudwa, ndipo Patel anafotokoza poyera zimene zinachitika. Iwo anafunsa AMD ngati n'kotheka kuika RAM yozuka. AMD inapereka katswiri kuti afufuze, anayesa pa makompyuta oyerekezera, ndipo anapeza kuti pa tinjira 256 tothamanga chonchi uthenga sungafike uli bwinobwino. Kuti RAM izuke, akanayenera kutsitsa liwiro kwambiri, n'kupha chinthu chenicheni chimene anthu amagulira chip imeneyi. Werengerani nokha: 256 kugawa ndi 8, kuchulukitsa ndi 8,000 miliyoni. Mupeza 256 GB pa sekondi.

Ogula ambiri a kompyutayi amafuna kuyendetsa mapulogalamu a AI, aja oyankha mafunso, pa desiki pawo osadalira intaneti. Kwa mamodelo ambiri otere, kuti atulutse kachidutswa kamodzi ka mawu kompyuta iyenera kuwerenga modelo yonse kuchokera mu RAM. Modelo ikakhala ya 40 GB, pa 256 GB pa sekondi mungapeze tizidutswa pafupifupi 6 pa sekondi. Pa 89.6 mungapeze 2 tokha. Kwina mukucheza, kwina mukudikira.

Akatswiri sanagone ayi. Pali RAM yatsopano yotchedwa LPCAMM2, kakhadi kogona chafulati pa bolodi, kokanikizidwa ndi masikuluwu kuti tinjira tifupike. Laputopu ya Lenovo ThinkPad P1 ya 2024 inali m'gulu la zoyamba kuigwiritsa ntchito. Kakhadi kamodzi kamapereka tinjira 128. Pa 256 ndi pamene panavuta.

Pamene fizikisi ilibe mlandu

Tibwerere ku kakhadi kaja ka sikuluwu imodzi. SSD yothamanga imapereka pafupifupi 7 GB pa sekondi, podzera m'tinjira towerengeka timene anatipanga kuti tizipirira soketi ndi mtunda. Palibe lamulo la chilengedwe loletsa SSD kuzuka. N'chifukwa chake makampani ambiri anagwirizana muyezo umodzi wotchedwa M.2. Wofala kwambiri ndi 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. SSD ya kampani iliyonse imalowa mu NUC, mu Framework, ndi m'malaputopu ambiri.

Ya Mac mini imaoneka ngati M.2 koma si imeneyo. SSD wamba ili ndi machip osungira zinthu komanso kapitawo wake, chip imene imayang'anira kuti chakuti chikhale pati. Pa Mac mini kapitawoyo ali m'kati mwa M4, ndipo pa kakhadi pali zosungira zokha. SSD ya m'sitolo singagwire. Ngakhale kakhadi ka M4 ndi ka M4 Pro n'tosiyana. A iFixit anakwanitsa kuchotsa ka 256 GB n'kuikamo ka 512 GB kochokera mu Mac mini ina, koma anafunika Mac yachiwiri ndi pulogalamu ya Apple Configurator kuti kompyutayo idzukenso. Makampani ena ang'onoang'ono ayamba kupanga timakhadi tolowa m'menemo, koma ntchito yake si ya mphindi zisanu.

Tisawanamizire, apa Apple inasunthako. Pa Mac mini za M1 ndi M2 zosungirazi zinali zowotcherera, chonsecho machip a SSD amatha ngati sopo: kulembapo kulikonse kumawadya pang'ono. SSD ikafa, bolodi lonse linkapita nayo. Pano ikafa mumasintha kakhadi kokha. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene iFixit inapatsira kompyutayi malikisi 7 pa 10 pa nkhani ya kukonzeka.

Koma tamvani mitengo ya pa nthawi imene inkatuluka. Mac mini ya 16 GB ya RAM ndi 256 GB ya SSD inali madola 599. Kukweza RAM kufika 32 GB, madola 400. Kukweza SSD kufika 512 GB, madola 200. Phatikizani: 1,199. Tsopano chulukitsani 599 ndi 2: 1,198. Ndiye kuti kuwirikiza RAM ndi SSD kunali kodula ndi dola imodzi kuposa kugula makompyuta awiri athunthu, mapulosesa awiri, mafani awiri, mabokosi awiri. Apa nanosekondi ilibe mlandu. RAM ikakhala yowotcherera, wogulitsa amatsala mmodzi, ndipo tsiku logula limatsala limodzi. Mtengo amatchula yekha. Framework, imene ili ndi vuto la fizikisi lomweli, inagulitsa ya 64 GB pa madola 1,599 ndipo ya 128 GB pa 1,999. Madola 400 omwewo, kuno 64 GB, uko 16 GB.

Chimene chimathandizako ndi mabowo a kumbuyo. Mac mini ya M4 ili ndi atatu a Thunderbolt 4, lililonse lotha kudutsitsa magigabiti 40 pa sekondi. Samalani, amenewa ndi mabiti. Gawani ndi 8 mupeza 5 GB pa sekondi. Kwa SSD yakunja liwiro limeneli ndi lokwanira bwino, ndipo anthu ambiri amagula ya 256 GB n'kulumikiza SSD wamba pa chingwe. Kwa RAM, 5 poyerekeza ndi 120 si kanthu. Nkhokwe mungathe kuimanga kuseri kwa nyumba, koma ndowa ziyenera kukhala pa chigayo.

Zikutikhudza bwanji ife?

Ambiri mwa inu simugula kompyuta ya madola 599 chaka chino, ndikudziwa. Koma taganizani za makompyuta amene timagwiritsa ntchito m'masukulu, m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'malo osindikizira mapepala. Ambiri anagwirapo kale ntchito kunja asanafike kuno. Amakhala ndi moyo wachiwiri chifukwa mmisiri amawonjezera RAM, amachotsa hard disk yakale n'kuikamo SSD, amapukuta fumbi, basi kompyuta ya zaka 8 n'kuyambanso kuthamanga. Kawirikawiri ziwalozo amazizula m'kompyuta ina yakufa.

Makompyuta owotcherera amene akugulitsidwa lero ku America ndi ku Ulaya ndi amene adzafike m'misika ya zakale zaka zikubwerazi. Adzafika ndi RAM imene mwini wake woyamba anasankha, ndipo ngati anasankha yochepa pofuna kupulumutsa ndalama, wachiwiri adzangoilandira choncho. Chip imodzi ya RAM ikafa, ntchito yake ndi yofuna makina otenthetsera, maikulosikopu ndi dzanja losanjenjemera, chifukwa pansi pa chip iliyonse pali timipira ta chitsulo chosungunula mazanamazana. Amisiri ena aluso amakwanitsa, makamaka amene anazolowera mafoni, koma si ntchito yoti aliyense angaphunzire Loweruka limodzi. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 linati mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinalembedwa kuti zinatoleredwa n'kukonzedwanso moyenera zinali 22.3 peresenti yokha.

Mbali inayo nayo ilipo. Kabokosi kodya mawati 4 pamene kakupuma kangayende pa sola yaing'ono ndi inveta, pomwe chikompyuta chakale chingamalize batire msanga. Kumene magetsi ndi ovuta, imeneyi si nkhani yaing'ono. Ndipo RAM yowotcherera silekana ndi soketi chifukwa cha fumbi, chinyezi kapena mabampu a pamsewu, vuto limene limachititsa makompyuta ambiri akale kungolira osayaka mpaka wina atazula RAM n'kuibwezeretsa.

Ine nditafunsidwa ndi sukulu imene ikufuna makompyuta ophunzirira kulemba, intaneti ndi mapulogalamu, ndingasankhe a masoketi osaganiza kawiri, chifukwa ntchito zimenezi sizifuna 273 GB pa sekondi, koma zimafuna kompyuta yoti idzakonzeke mu chaka chachisanu ndi chimodzi. Wokonza mafilimu kapena woyendetsa AI ali ndi chifukwa chomveka chosankhira yowotcherera. Iyeyo angodziwa kuti RAM imene akulipira tsiku limenelo ndi yomwe adzakhale nayo.

Mukalowanso mu labu ya makompyuta, yesani ichi, sichifuna sikuludiraiva. Pa kompyuta ya Windows 10 kapena 11 dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi. Patseguka Task Manager. Pitani pa Performance, kenako Memory, muyang'ane m'munsi chakumanja. Pa Speed muona liwiro, ndipo mutha kuwerengera nokha ma GB pa sekondi monga tachitira muja. Pa Slots used pakalembedwa 1 of 2, ndiye kuti soketi ina ili yopanda kanthu, ndipo kompyutayo ikuyenda ndi theka la tinjira take. Pa Form factor pakalembedwa DIMM kapena SODIMM, nthawi zambiri RAM yake ndi yozuka, ngakhale kuti Windows imanamizidwa ndi makompyuta ena, moti wogula RAM ayenera kutsimikiza kaye ndi buku la kompyutayo. Pakalembedwa Row of chips, anaiwotcherera.